MAU OPEZERA ZOBISIKA, NDI KUSIYANA KWACE

Cinyanja ciri ndi mau ambiri onena za kupeza cinthu cimene cabisika. Pali kufufuza, kulondola, kufukula, kupenda, kuunika, kuzonda, kusuzumira, kuombeza, kubvumbula ndi kuulula. Munthu woyenda mu Cairo Road, kapena wokhala pansi pa msika wa Kabwata, angathe kuwamva onsewa tsiku limodzi, ndipo anthu amawachula mosasankha, monga ngati ali liu limodzi. Koma makolo amene anawaumba sanacite mwangozi. Liu liri lonse liri ndi njira yace ndi mtima wace, ndipo m'dziko la Zambia anthu atayapo miyoyo cifukwa anzao sanasiyanitse liu lina ndi linzace.

Funso lace ndi ili: popeza mtima wa munthu ufuna kudziwa zobisika, kufuna kotani kuli kolungama, ndi kotani kuli koipa? Yankho lagona m'mau omwewo, munthu akawayang'anitsitsa limodzi limodzi.

MAU A MLENJE

Kulondola ndi liu la m'chire. Mlenje aona mapazi a nyama pa dothi lofewa, naona udzu wothyoka ndi dontho la mwazi pa tsamba, nazitsata. Sayamba wasankha kumene nyama yapita. Mapaziwo ndiwo amtsogolera, ngakhale amtengere kumene iye sanafuna. Akafika pa thanthwe pamene mapazi saoneka, mlenje woona aima, nabwerera kumudzi, nauza anzace kuti mapazi atayika. Sacita manyazi kubwera cimanjamanja, pakuti adziwa kuti kunena bodza sikudzaika nyama m'mphika.

Mau ena ali a banja lomweli. Kufukula ndiko kucotsa dothi kufikira cokwiriridwa cioneke, ndipo wofukula mbewa adziwa kuti una wina umakhala wopanda kanthu. Kupenda ndiko kutembenuza cinthu mbali zonse, monga mai apenda mphika pa msika asanaugule. Kuunika ndiko kutengera nyali ku malo amdima, ndipo nyaliyo sionjezera kanthu m'cipindamo, ingoonetsa zimene zinalimo kale. Kufufuza ndiko kusonkhanitsa zonsezi: kufunsa uyu ndi uyo, kuyerekeza mau a wina ndi a mnzace, kubwereranso pamene panayambira nkhani. Akulu akale anafuna kufufuza kotere pamene anati umanena catsitsa dzaye kuti njobvu ithyoke mnyanga.

Cizindikiro ca mau onsewa ndi cimodzi. Wolondola, wofukula ndi wofufuza ali nayo njira yobwerera, ndipo akhoza kunena kuti sanapeze kanthu, kapena kuti munthu amene anamganizira alibe cifukwa. Kufuna kumene sikungathe kunena mau amenewa kuli kwa mtundu wina, ngakhale kubvale dzina labwino.

MAU A ULA

Kuombeza ndi liu la mtundu winawo. Pakagwa maliro, abale amapita kwa woombeza ula, ndipo funso lao silikhala lakuti wafa ndi ciani. Amafunsa kuti wamupha ndani. Funso lotere latha kale kuweruza kuti wolakwa alipo, ndipo latsala ndi dzina lokha. Woombeza amene abweza anthu wopanda dzina sadzaonanso nkhuku kapena ndalama zao. Motero ula umapeza munthu nthawi zonse.

Mwabvi unali woopsa koposa. Khungwa la mtengowo analisinja ndi kulibviika m'madzi, namwetsa woganiziridwayo. Akasanza, anati alibe mlandu. Akafa, anati mfiti yagwidwa. Koma wosinjayo ndiye anadziwa kuculuka kwa khungwa limene anaika, ndipo wakufa sanathe kudzikanira. Boma la Nyasaland linaletsa mwabvi ndi kuloza mfiti mu 1911, ndipo la Northern Rhodesia linaika lamulo lotere mu 1914. Lamulo limenelo linalowa m'buku la malamulo a Zambia ndi dzina lakuti Witchcraft Act, ndipo liika cilango pa munthu wochula mnzace mfiti, ndi pa iye wodya nayo nchito yogwira mfiti.

Mu 1933 ndi 1934 kunabuka mcape. Anyamata ocokera ku Nyasaland, onena kuti mphamvu yao anaitenga kwa munthu wochedwa Kamwende wa ku Mlanje, anayendayenda m'midzi kufikira ku dziko la Abemba. Anandandalika anthu a mudzi wonse, amuna paokha ndi akazi paokha, nawaona m'kalirole kakang'ono alikudutsa kumbuyo kwao. Amene kalirole kanawagwira anauzidwa kuturutsa nyanga zao, ndipo onse anamwa mankhwala ofiira, ndi kuuzidwa kuti wobwereranso ku ufiti adzafa. Audrey Richards, amene anaona izi ndi maso ace nalemba za izo mu 1935, anapenda miyulu ya nyangazo, napeza kuti zambiri zinali zithumwa ndi mankhwala wamba amene anthu anasunga kuti adzichinjirize. Amcape anacoka ndi ndalama, ndipo matenda ndi maliro anatsala monga kale.

Max Marwick anakhala pakati pa Acewa a ku dera la Fort Jameson, limene tsopano ndi Chipata, m'zaka za 1946 ndi 1947, nabweranso mu 1952. Anawerenga nkhani zambiri za ufiti, napeza kuti oneneza ndi onenezedwa kawirikawiri anali abale a mbumba imodzi, amene anali pa mkangano kale cifukwa ca cuma, ukwati kapena udindo. Ici cionetsa cimene ula umabvumbula. Umaturutsa cidani cimene cinali kale m'mitima ya ofunsawo, ndi kucipatsa dzina la munthu.

Asayese munthu kuti izi zinatha ndi masiku a atsamunda. Mu 1994 ndi 1995, pamene matenda a Edzi anali kutha anthu, mudzi wina m'dera la Chiawa, m'mbali mwa Zambezi kumwera cakum'mawa kwa Lusaka, unaitana wogwira mfiti. Monga analembera C. Bawa Yamba mu 1997, anthu 16 anafa ndi mankhwala amene anawamwetsa. Kacirombo kamene kanali kupha anawo kanali kodziwika kale kwa madokotala, ndipo kanapezeka poyesa mwazi. Koma yankho la cipatala linalibe munthu womloza cala, ndipo mtima wowawa unafuna munthu.

MPHEKESERA NDI CITSIME

Zocitika ziwiri za mu Lusaka zionetsa kusiyana kumeneku poyera.

Coyamba ndi ca 2020. Kumapeto kwa 2019 kunamveka ku Chingola kuti anthu osadziwika alikupopera mankhwala okomola m'nyumba za anthu usiku. Pofika February 2020 mbiriyo inali itafika ku Lusaka ndi ku zigawo zina. Inayenda pa WhatsApp ndi pa Facebook msanga koposa mapazi a munthu. Anthu analeka kugona, anyamata analonda m'miseu ndi zibonga, ndipo Boma linatumiza asilikari. Mantha anali eni eni, ndipo palibe woseka mai amene anagona wakhala tsonga pa khomo la ana ace. Koma khamulo linafuna kugwira munthu. Mlendo wofunsa njira, munthu wonyamula botolo m'thumba, wodwala misala woyenda usiku, ali yense wa awa anakhoza kupfuuliridwa, ndipo mpfuuyo inakwanira. Anthu pafupifupi 50 anaphedwa ndi makamu m'dziko lonse, ena a iwo anatenthedwa ndi moto. Panalibe mboni imene inafunsidwa, ndipo panalibe mmodzi wa iwo amene anapatsidwa nthawi yoti adzikanire. Amene anaponya miyala ananena kuti agwira woipa. Cimene anacita cinali mwabvi wopanda khungwa.

Caciwiri ndi kolera. Mliri unayamba mu Lusaka mu October 2017, ndipo pofika pakati pa 2018 unali utagwira anthu oposa 5,000 ndi kupha oposa 100. Nayenso anali mdani wosaoneka, wolowa m'nyumba usiku. Koma a zaumoyo anacita monga mlenje. Analemba kumene wodwala ali yense anacokera, naona kuti ambiri acokera ku makomboni monga Kanyama ndi Chipata. Anatunga madzi m'zitsime zosazama ndi m'mipopi, nakawayesa, napeza kuti ambiri aipitsidwa ndi zonyansa za m'zimbudzi. Zitsime zina zinakwiriridwa, madzi abwino anaperekedwa m'matanki, anthu analandira katemera, ndipo malonda a m'miseu ya pakati pa mzinda analetsedwa kwa kanthawi. Njirayi si yatsopano. Mu 1854 John Snow analemba nyumba za akufa ndi kolera m'dera lina la London, napeza kuti zazungulira mpope umodzi wa mu Broad Street, ndipo akulu a deralo anacotsa cogwirira ca mpopewo.

Kolera inabweranso koopsa mu 2023 ndi 2024, kotero kuti bwalo la masewera la National Heroes Stadium linasanduka cipatala, ndipo anthu oposa 700 anafa m'dziko. Kufufuza kunapezanso zomwezo: madzi oipa, zimbudzi zosefukira ndi mvula, ndi nyumba zothithikana zopanda mipopi. Apa paoneka cifukwa cace anthu ambiri amakonda ula koposa kufufuza. Ula umaloza munthu mmodzi wofooka, ndipo akacotsedwa onse amapita kwao mtima uli m'malo. Kufufuza kumaloza citsime, ngalande, ndalama za mzinda, ndi ulesi wa onse, a ku Kanyama ndi a ku Woodlands omwe. Yankho lotere limafuna nchito ya zaka zambiri, ndipo silipatsa munthu mpata wodziyesa wosalakwa.

MAU A KAZITAPE

Pali banja lacitatu la mau: kuzonda, ukazitape, kuchera khutu pa khoma. Awa ndi mau a munthu amene afuna zobisika za mnzace iye mwini atabisala.

M'masiku a Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, cimene cinakhala kuyambira 1953 kufikira 1963, anthu anaumba liu lakuti kapirikoni. Linacokera ku dzina la Capricorn Africa Society, bungwe limene David Stirling anayambitsa mu 1949, ndipo linasanduka dzina la munthu ali yense woganiziridwa kuti agulitsa anzace kwa Azungu. Ena anali akazitape ndithu. Koma liulo linali ngati kalirole ka mcape: munthu akangochedwa kapirikoni, panalibe bwalo lomyeretsa.

Ufulu utabwera mu 1964, kunabadwa liu lina, shushushu, lomveka ngati kunong'ona. Linali dzina la azondi a Boma, makamaka m'nthawi ya cipani cimodzi, kuyambira kumapeto kwa 1972 kufikira 1991. Malamulo a nthawi ya ngozi, amene anagwira nchito kuyambira 1964 kufikira 1991, analola Boma kutsekera munthu wopanda kumzenga mlandu. Mphamvu ya shushushu inagona pa ici, cakuti panalibe wodziwa kuti ndi yani. Anthu a m'maofesi a mu Cairo Road ndi a m'nyumba zomwera za ku Kabwata anaphunzira kuyang'ana kumbuyo asanayankhule za mtengo wa ufa. Mu 1993 Boma latsopano linaika bungwe lofufuza, lotsogozedwa ndi Bruce Munyama, limene linamva umboni wa anthu poyera ndi kupereka mau ace mu 1995. Linapeza kuti anthu anazunzidwa m'manja mwa osunga lamulo, ndi kuti zoipa zina sizinathe pamene cipani cimodzi cinatha.

Palibe wokana kuti dziko lisowa alonda. Pali acifwamba, ogulitsa mankhwala ozunguza mutu, ndi okonza ciwembu, ndipo iwo salengeza nchito zao pa wailesi. Koma kusiyana kwa mlonda ndi kazitape kuli apa: zimene mlonda wapeza zimafika pa bwalo, kumene wonenezedwa amaziona ndi kuziyankha. Zimene kazitape wanong'ona zimalowa m'buku limene mwini dzina sadzaliona. Ndiponso kazitape wolipidwa pa mau amene wabweretsa afanana ndi woombeza ula, pakuti akabwera cimanjamanja mwezi ndi mwezi adzacotsedwa nchito. Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

KUBVUMBULA PA BWALO

Kubvumbula ndiko kuturutsa poyera cimene wina anacikwirira dala. Ndi liu lolemera, ndipo pali nthawi zimene kukhala cete kuli kucimwa. Cuma ca dziko cikabedwa, wodwala wa ku University Teaching Hospital amasowa mankhwala, ndipo iye amene anaona kubako nakhala cete ali ndi gawo pa imfa yace. Cifukwa cace Zambia inaika lamulo loletsa ziphuphu mu 1980, ndipo m'lamulo limenelo munacokera bungwe la Anti-Corruption Commission.

Mlandu wodziwika koposa ndi wa Frederick Chiluba, amene analamulira kuyambira 1991 kufikira kuciyambi kwa 2002, nakhala ku Kabulonga atacoka pa mpando. Mu July 2002 Levy Mwanawasa anaima m'Nyumba ya Malamulo ndi kuchula zimene anamneneza, ndipo aphungu anamcotsera citetezo ca utsogoleri. Ofufuza analondola ndalama monga mlenje alondola mapazi, kupyolera m'buku la ndalama lochedwa Zamtrop, limene a nchito zacinsinsi za Boma anasunga ku London. Mu May 2007 woweruza Peter Smith wa bwalo lalikuru la ku London anagamula kuti Chiluba ndi anzace anapatutsa ndalama za dziko zokwana madola 46 miliyoni. Chiluba anakana mphamvu ya bwalo limenelo. Mu August 2009 bwalo la mu Lusaka, limene linamzenga mlandu wakuba, linammasula, ndi kunena kuti umboni sunakwanire. Iye anamwalira mu 2011.

Anthu ambiri anakhumudwa ndi ciweruzo cimodzi kapena cinzace, ndipo amakanganabe za izo. Mabwalo a anthu amalakwa, ndipo nthawi zina khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Komabe m'mlandu wonsewo munali zinthu zimene sizipezeka pa ula. Zonenezazo zinachulidwa poyera. Makalata anaikidwa pa tebulo kuti ali yense awawerenge. Mboni zinafunsidwa ndi mbali zonse ziwiri pa bwalo la mu Lusaka. Mlandu wa ku London unali wofuna kubweza ndalama, umene umagamulidwa poyesa mbali imene umboni walemera, ndipo wa mu Lusaka unali wofuna kumanga munthu, umene umafuna umboni wosasiya cikaiko. Bwalo limene lingathe kumasula munthu lingathe kumasula wolakwa tsiku lina, ndipo ici ncowawa. Koma bwalo limene silingathe kumasula munthu silikhala bwalo konse. Mwai umene mtsogoleri wakale anapatsidwa wakudziyankhira ndi womwewo umene mlendo wonyamula botolo anamanidwa mu 2020, ndipo cilungamo cifuna kuti onse awiri aulandire.

COBISIKA NDI CINSINSI

Pali colakwa cina cimene cimagwira ngakhale anthu abwino, ndico kuyesa kuti ciri conse cobisika ndi coipa. Mbeu imabisika m'nthaka kuti imere. Mwana amabisika m'mimba kufikira nthawi yace. Cinyanja cimasiyanitsa cinthu cokwiriridwa ndi cinsinsi cosungidwa. Wakuba amakwirira kuti wobedwa asadziwe zimene ziri zace. Namwino amasunga cinsinsi ca wodwala cifukwa nthendayo ndi ya mwini wace. Ankhoswe amasunga za m'nyumba ya anthu awiri. Munthu wosankha atsogoleri amalowa yekha m'kacipinda, kuti pasakhale womuopsa.

Liu la woswa cinsinsi cotere ndi kusuzumira. Wosuzumira alibe mlandu woti aukonze, ndipo alibe munthu woti ampulumutse. Angofuna kukhala ndi kanthu m'manja kolasira mnzace, kapena nkhani yokondweretsa nayo anthu. Kale anasuzumira pa zenera kapena pa mpata wa mpanda. Makoma atali a ku Kabulonga ndi Woodlands anatseka mipata imeneyo, koma lamya ya m'manja yatsegula ina yaikuru koposa. Mwamuna wa ku Chelstone amene atenga lamya ya mkazi wace iye ali m'tulo amati alikufufuza. Koma ngati wayamba ndi mtima wotsimikiza kale, moni uli wonse wolembedwamo udzaoneka umboni, ndipo akapanda kupeza kanthu adzanena kuti mkaziyo wafafaniza. Kufuna kumene kumayesa kusowa kwa umboni kukhala umboni kwalowa kale m'banja la ula.

Muyeso wace ndi uwu: cobisika ciyenera kubvumbulidwa pamene kubisikako kulikupweteka munthu wina amene ali ndi ufulu wakudziwa. Mwana wocitidwa zoipa m'nyumba, ndalama za amasiye zodyedwa ndi wozisunga, citsime coipa cimene mwini wace agulitsa madzi ace, izi siziyenera kuphimbidwa ndi dzina la cinsinsi kapena la ulemu wa banja. Koma umphawi wa mnansi, nthenda yace, ndi kugwa kwace kwakale kumene analapa, izi si za pa msika. Malembo amayamika Yosefe wa ku Nazarete monga munthu wolungama pa cifukwa cakuti, pamene anayesa kuti Mariya wamlakwira, sanafuna kumcititsa manyazi pamaso pa anthu.

KODI MAERE A M'MALEMBO BWANJI?

Wina wodziwa Malembo adzafunsa kuti: kodi Akani sanagwidwa ndi maere m'masiku a Yoswa? Nanga maerewo asiyana bwanji ndi ula? Funsoli nloyenera, ndipo nkhaniyo iyenera kuwerengedwa kufikira kumapeto. Maere atamgwera Akani, Yoswa anamfunsa, ndipo iye anaulula ndi pakamwa pace cimene anatenga ndi kumene anacibisa. Pamenepo anatumidwa amithenga kukafukula m'hema mwace, napeza copfunda, siliva ndi golidi monga ananenera. Ngakhale pamenepo, zinthuzo zinayamba zaoneka ndi maso ciweruzo cisanagwe.

Cilamulo ca Mose cinaletsa kuombeza, ndipo cinaletsanso kutsutsa munthu pa mau a mboni imodzi. Cinalamulira oweruza kufunsitsa bwino, ndi kuti mboni yonama ilandire cilango cimene inafunira mnzace. Nkhani ya Naboti, amene anaponyedwa miyala pa mau a mboni ziwiri zogulidwa kuti mfumu itenge munda wace, ionetsa kuti kuculuka kwa oneneza sikukwanira ngati palibe wowapenda. Ndipo pamene Davide anakwirira imfa ya Uriya, mneneri Natani sananong'oneze antchito a m'nyumba ya mfumu. Anapita kwa Davide yemweyo, nanena naye maso ndi maso, nadziika yekha pa ngozi. Kubvumbula kolungama kumakhala ndi nkhope ndi dzina.

Pa nkhani ya Davide patulukira liu lotsiriza, lopambana onse, ndilo kuulula. Mau ena onse anena za munthu wofuna zobisika za mnzace. Kuulula ndiko kuturutsa zace za iye mwini, wopanda womkakamiza. Amcape anaturutsa nyanga m'matumba a anthu, koma sanathe kuturutsa nsanje m'mtima wa munthu mmodzi. Bwalo likhoza kubweza ndalama, koma silingathe kusandutsa wakuba akhale wokhulupirika. Cimeneci cimacitika pokha pokha mwini wace akatsegula yekha. Ndipo munthu amene anazolowera kuunika m'nyumba mwace amacedwa kutola mwala, pakuti adziwa zimene nyali inapeza kumeneko.

MAFUNSO ANAI

Caka cimene cikudza cidzakhala ndi maliro ace, ndi katundu wosowa, ndi mbiri zoyenda pa lamya. Munthu asanalowe m'khamu, asanapite kwa woombeza kapena kwa mlaliki wolonjeza kuonetsa adani, asanatumize uthenga woneneza mnzace, acita bwino kudzifunsa mafunso anai.

Loyamba: kodi njira imeneyi ingathe kubwera ndi yankho lakuti palibe wolakwa? Ngati singathe, ndi ula, ngakhale icitikire mu ofesi kapena m'kacisi.

Laciwiri: kodi wonenezedwayo adzamva zimene amneneza, nadzapatsidwa nthawi yakuyankha? Ngati sadzatero, ndi ukazitape.

Lacitatu: kodi pali munthu amene alikupwetekedwa ndi kubisika kwa cinthuci? Ngati palibe, ndi kusuzumira.

Lacinai: kodi wofufuzayo angalole kuti njira yomweyo igwire nchito pa iye mwini ndi pa mwana wace? Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Kufuna kumene kwapyola mafunso anai awa kuyenera kucitidwa mwakhama ndi mopanda mantha, ngakhale wokwirirayo akhale m'nyumba yaikuru. Kumene kwalephera kuyenera kusiyidwa, ngakhale mtima ukhale wowawa ndi khamu lipfuule. Zina zidzatsala zosadziwika m'moyo uno, ndipo izo zikhale m'manja mwa Iye amene aona zobisika zonse, amene sasowa kalirole kapena kazitape. Mlenje wobwera cimanjamanja amagona ndi njala usiku umodzi, nadzukanso m'mawa kukalondola. Iye amene analasa mnzace pa thengo pomuyesa nyama adzasenza mlanduwo masiku ace onse, pakuti mlandu suola.